Njovu Mukaonere ku Liwonde, Madola Musungire Nyanja ya Mchere

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa konkuno ku Zomba, wokhala ku Matawale, yemwe wapempha kuti dzina lake lisatuluke. Ndaifupikitsa. Akuti iwo ndi bambo a kunyumba akhala akusunga ndalama ku banki m'khonde ndi kuchipereganyu cha kuntchito, ndipo chaka chamawa akufuna kutenga ana awo awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 13, kupita kutchuthi chenicheni. Aona pa Facebook zotsatsa za maulendo ophatikiza kuona nyama zakutchire ndi kukasambira m'nyanja ya mchere ku Mozambique ndi ku South Africa, koma mitengo yake yonse ili m'madola. Iwo akufunsa kuti: "Kodi zimenezi ndi za azungu okha? Ngati n'zotheka kwa ife, tiyambire pati, ndipo tipite mwezi uti? Nanga apongozi anga, omwe sanatulukepo m'dziko muno, tingawatenge?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. N'zotheka ndithu, koma osati mmene otsatsawo akonzera. Maulendo amenewo anakonzera munthu wotsika ndege kuchokera ku London kapena ku Berlin, yemwe kwawo kulibe njovu komanso kulibe nyanja yofunda, ndiye amagula zonse pamodzi pa mtengo umodzi. Inu njovu muli nazo pa mtunda wa ola limodzi kuchokera pakhomo panu. Chimene dziko lathu lilibe ndi nyanja ya mchere basi. Ndiye ine ndikuti nyama mukaonere konkuno polipira makwacha, ndipo ndalama zakunja, zomwe tonse tikudziwa mmene zikuvutira kupeza, muzisungire kunyanja ya mchere.

Zimandiwawa kuti ambiri a ife a ku Zomba Liwonde timangomudutsa. Timaima pafupi ndi baraji kugula nsomba, n'kupitirira ku Balaka kapena ku Mangochi, pamene kuseri kwa mitengo ya tsanya ija kuli nkhalango yomwe anthu amaidzera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Malo osungirako nyama a Liwonde anakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Panali nthawi imene nkhalangoyi inatsala pang'ono kutha. Misampha ya waya inali paliponse, mikango inali itatheratu, ndipo njovu zinkatuluka kukadya chimanga cha anthu ndi kupha anthu m'midzi. Mu 2015 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa. Anamanga mpanda wamagetsi, anachotsa misampha masauzande ambirimbiri, kenaka anayamba kubwezeretsa nyama. Akakwiyo, aja othamanga kuposa nyama zonse za pamtunda, anabwera mu 2017. Mikango inabwera mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu mu 2021. Njovu zinali zitachuluka kuposa malo, moti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022. Zonsezi zachitika mwana wanu wamkulu ali kale pa dziko, pakhomo penipeni pathu.

Chinthu chimodzi chokha chimene sindikufuna kuti muchiphonye ku Liwonde ndi ulendo wa pa boti mumtsinje wa Shire. Nkhalango zambiri zotchuka za kunja nyama amazionera pagalimoto pokha, fumbi lili m'maso. Ku Liwonde mtsinje ndiwo msewu. Nthawi ya chilimwe madzi akauma m'madambo, nyama iliyonse imatsikira ku Shire, ndipo inu muli phee m'boti, woyendetsa atazimitsa injini. Mvuu mudzaziona mpaka kusiya kuziwerenga. Ng'ona zimakhala zitayasamula pamchenga, anakodzwe ndi nswala zikudya m'mphepete, njiri zitagwada pofukula mizu, nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo. Cha kumadzulo njovu zimabwera kudzamwa, ndipo nthawi zina zimawoloka mtsinje, tiana tili pakati pa akuluakulu, chitamba chokha chikuoneka pamwamba pa madzi. Mwana wanu wa zaka 9 adzaiwala zambiri za ulendowu, koma ichi ayi. Sankhani boti la madzulo, lonyamuka dzuwa litapendeka.

M'mawa mwake mudzuke kusanache mukalowe ndi galimoto geti likangotsegulidwa. Mikango ndi akakwiyo amayenda kukadali kozizira, ndipo dzuwa likakwera amabisala m'mithunzi. Ana muwauziretu kuti mkango sulonjezedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo banja lomwe laima pa dambo limodzi kwa theka la ola limaona zambiri kuposa lomwe likuthamangitsa galimoto kufunafuna chipembere. Ngati ndalama ilipo, lipirani woperekeza alendo wa komweko. Ambiri ndi ana a m'midzi yozungulira nkhalangoyo, amawerenga mapazi a nyama pafumbi, ndipo adzafotokozera apongozi anu m'Chichewa kapena m'Chiyawo. Malamulo ake ndi ochepa koma osasewera nawo. Simutsika m'galimoto pokhapokha pamalo ololedwa, simudyetsa anyani, ndipo njovu yaikazi yokhala ndi mwana mumaipatsa njira. Ikatambasula makutu n'kupukusa mutu, musaimbe hutala, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono.

Pa geti onetsani chiphaso cha unzika. Mmalawi amalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, ndipo ana amalipira yocheperapo. Malo ogona a m'kati mwa nkhalango, monga aja a ku Mvuu, ndi odula, ngakhale kuti ena amakhala ndi mtengo wa nzika mukafunsa. Kufupi ndi geti la kumwera, cha ku tauni ya Liwonde, kuli malo ogona ang'onoang'ono otsika mtengo, ndipo ena amakonzanso za boti. Mausiku awiri akukwanirani. Pobwerera mugule zosema, uchi kapena madengu kwa anthu a m'midzi yoyandikira. Iwowa ndi amene amagona khutu lili kumunda chifukwa cha njovu zomwe ife timakajambula, ndipo n'koyenera kuti ndalama ya mlendo iwafikeko m'manja.

Mukafuna kuonjezera, ku Majete ku Chikwawa kulinso njovu, njati, mikango, anyalugwe ndi zipembere, kuphatikizapo akadyansonga omwe anabwera mu 2018. African Parks inayambira kumeneko mu 2003. Koma kwa banja la ku Matawale lomwe likuwerenga ndalama ya mafuta, Majete akhale wa chaka china.

Musanawoloke malire pali ntchito ina yoti muichite konkuno, ndipo musaipeputse. Zokongola zambiri za m'nyanja ya mchere zili pansi pa madzi. Munthu amaziona atavala magalasi oonera m'madzi, akupumira pa kapaipi, nkhope ili chafufumimba pamadzi. Mwana amene akuvala zimenezi koyamba pakati pa mafunde, madzi a mchere akumulowa m'mphuno, amachita mantha n'kubwerera m'boti, ndalama zanu zapita. Ndiye loweruka lina pitani nawo ku Cape Maclear, mukabwereke magalasiwo, mupite ndi boti ku chilumba cha Thumbi komwe madzi ndi odekha. Kumeneko adzaphunzira akuyang'ana mbuna zamitundumitundu, nsomba zomwe zinachititsa kuti bungwe la UNESCO liike malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Inu ndi bambo muphunzirenso. Mayi amene watsala m'boti kusunga zikwama walipira ulendo wa anthu ena.

Tsopano kunyanja ya mchere. Mukayang'ana pa mapu mudzaona kuti gombe loyandikira Zomba ndi la ku Quelimane, kudzera pa Muloza, Milange ndi Mocuba. Kuli gombe la Zalala lalitali, la mitengo ya kokonati, ndipo ngati cholinga n'kungoti ana alawe madzi a mchere, n'kokwanira. Koma madzi a kumeneko, ngati a ku Beira, ndi ofiirira chifukwa cha matope amene mitsinje ikuluikulu imathira m'nyanja. Simudzaona chilichonse pansi. Madzi oyera aja munawaona pa zithunzi ali kumwera, m'chigawo cha Inhambane, kapena kumpoto, m'chigawo cha Nampula.

Kwa banja lanu ine ndikusankhirani Vilankulo. Ndi tauni yaing'ono ya asodzi, ndipo mukaima pagombe pake mumaona zilumba za Bazaruto patsogolo panu. Zilumbazi ndi zisanu, Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangue, ndipo nyanja yozizungulira inatetezedwa ndi lamulo mu 1971. Kuchokera mu 2017 African Parks yomweyo ikuthandiza boma la Mozambique kuyendetsa malowa. Mahotela a pazilumbapo ndi a anthu a ndalama zambiri, ndipo ndiwo amakweza mitengo ija munaiona. Inu mukagone ku Vilankulo, m'nyumba zomwe mumadziphikira nokha, n'kumapita kuzilumba m'mawa kubwerako madzulo. Mumakwera ngalawa ya thanga kapena boti la injini, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umaphatikiza chakudya cha masana, nsomba yootcha pagombe, koma mufunse ngati ndalama yolowera m'malo otetezedwa ilimo. Magaruque ndi chapafupi, choyenera tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri mupite ku Bazaruto, ana akakwere phiri la mchenga wokhawokha, kenaka boti likuperekezeni ku matanthwe a korali (miyala ya pansi pa madzi yopangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja) otchedwa Two Mile Reef, pakati pa Bazaruto ndi Benguerra. Kumeneko mudzaona nsomba za mitundu yomwe simunaiganizepo, ndipo mwina kamba wa m'nyanja adzakudutsani pansi. M'madzi amenewa mumakhalanso dugong, nyama yoyamwitsa yomwe imadya udzu wa pansi pa nyanja. Zatsala mazana ochepa chabe, ndipo gulu la ku Bazaruto ndilo lomaliza lodalirika kugombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Kuiona ndi mwayi waukulu, musaiwerengere.

Pano ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ife ozolowera nyanja ya Malawi timalakwitsa. Nyanja yathu madzi ake amakhala pamene munawasiya dzulo. Nyanja ya mchere imaphwa ndi kudzadza kawiri pa tsiku, chifukwa cha mphamvu ya mwezi yokoka madzi. Pafupifupi maola 6 madzi akubwerera m'mbuyo, maola ena 6 akubwera. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, kuphwa ndi kudzadzako kumakula. Ku Vilankulo madzi akaphwa amapita kutali zedi, ngalawa zimatsala zitagona pamchenga, ndipo amayi amatsika ndi zidebe kukatola nkhono ndi nkhanu. Ana amakopeka kuyenda pamchenga umenewo mpaka kutali. Koma madzi pobwera sayambira kutsogolo kokha ayi, amayamba adzadza makwawa a kumbuyo kwanu, ndipo munthu amazindikira ali pa kachilumba kamene kakumira. Tsiku lililonse m'mawa funsani eni nyumba kuti madzi adzadza nthawi yanji. Pali malo enanso, makamaka pagombe la mafunde aakulu, pamene madzi amabwerera kunyanja mwamphamvu m'kanjira kamodzi, n'kumukoka munthu. Akakukokani musalimbane nawo kuti mubwerere molunjika kumtunda. Sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatuluka m'kanjirako. Musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ngakhale mtengo wake utsike bwanji. Ana avale nsapato zapulasitiki m'madzi chifukwa cha tizilombo taminga ta m'miyala. Chotonthoza n'chakuti m'madzi a mchere mulibe likodzo.

Chomwe chimandichititsa kuti ndikulimbikitseni ulendo wautali chonchi ndi anangumi. Chaka chilichonse, kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala, anangumi amachoka kumadzi ozizira a ku Antarctica kudzaswana ndi kuberekera m'madzi ofunda a gombe la Mozambique. Wamkulu amatalika mamita 14 kapena kuposerapo, ndipo amalemera matani ngati 30. Si nsomba. Amapuma mpweya ngati ife, amayamwitsa ana ake, ndipo akatulukira pamwamba amafwenthera nthunzi m'mwamba yomwe mumaiona muli patali. Nyama yotereyi ikadumpha thupi lonse kutuluka m'madzi n'kudzigwetsa chagada, m'boti simukhala woyankhula. Ngati masiku ndi ndalama zikulola, pitirirani kumwera, ulendo wa theka la tsiku, mpaka ku Maxixe, muwoloke kupita ku Inhambane, kenaka ku Tofo. Tofo amadziwika dziko lonse ndi shaki wamkulu wamadonthomadontho, nsomba yaikulu kuposa nsomba zonse, yemwe amatha kufika mamita 12 koma amadya tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi ndipo saluma munthu. Anthu amatsika m'boti n'kusambira pambali pake, motalikirana naye, osamukhudza. Komabe ndikuuzeni zoona, boti la ku Tofo limanyamuka modula mafunde aakulu ndipo limagwedeza zedi. Wa zaka 13 yemwe amasambira bwino akhoza. Wa zaka 9 ine ndingamusiye aonere ali m'boti. Mankhwala oletsa chizungulire ndi nseru mugule ku famase musananyamuke.

Msewu wake si wapafupi. Kuchoka ku Zomba kukafika ku Vilankulo ndi makilomita oposa 1,000. Mumadzera ku Blantyre, Mwanza, kuwoloka malire pa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kutsika kudzera ku Changara mpaka ku Chimoio, kenaka pa mphambano ya Inchope mumalowa msewu waukulu wa EN1 kuloza kumwera, kuwoloka mtsinje wa Save. Konzekerani masiku awiri athunthu popita ndi awiri pobwera, kugona ku Chimoio. Pakati pa Inchope ndi Save msewu wakhala ndi maenje oopsa kwa zaka zambiri, ndipo malo omwetsera mafuta ndi otalikirana, choncho mudzadze thanki paliponse pamene mwapeza mafuta. Usiku musayende. Mukamalowa m'tauni iliyonse tsitsani liwiro kufika pa 60, chifukwa apolisi apamsewu amayeza. Opanda galimoto angathe kuyenda ndi mabasi ndi maminibasi, omwe kumeneko amati chapa, koma mabasi a mtunda wautali amanyamuka mbandakucha, nthawi zambiri cha m'ma 4 kapena 5 koloko, ndipo tikiti mumagula dzulo lake.

Pa Inchope pomwepo, mukakhotera kumpoto, muli pafupi ndi nkhalango ya Gorongosa, ndipo ndikudziwa kuti bambo akaona mapu adzati tingodzerako. Mbiri yake imatikhudza. Nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992, yomwe inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni m'dziko lathu lino, inaphanso nyama zazikulu zoposa 90 pa 100 zilizonse za m'nkhalangoyi. Asilikali ankadya nyamazo ndi kugulitsa minyanga kuti agule zida. Njovu zazikazi zopanda minyanga ndizo zinkapulumuka, moti mpaka lero zambiri kumeneko zimabadwa zopanda minyanga. Mu 2008 boma la Mozambique linasainirana mgwirizano ndi bungwe la Greg Carr, wa ku America, ndipo nyama zabwereramo mochititsa chidwi. Ndi malo abwino. Koma mudzakhala mutaona kale Liwonde, ndipo kumeneko mudzalipira ndi ndalama zakunja. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ulendo wa masiku khumi wokhala ndi malo asanu ndi ulendo wokhala m'galimoto.

Njira ya kumpoto ndiitchulenso, chifukwa ndi yaifupiko ndipo ndimaikonda. Mumadzera ku Mangochi, kukwera ku Namwera, kutuluka pa Chiponde kulowa Mandimba, kenaka Cuamba ndi Nampula, mpaka pa Ilha de Moçambique. Ndi kachilumba kakang'ono kolumikizidwa kumtunda ndi mlatho wopapatiza wa makilomita oposa atatu. Vasco da Gama anafikapo mu 1498, ndipo kanali likulu la Apwitikizi m'dzikolo mpaka 1898. Pali linga lalikulu la São Sebastião ndi katchalitchi komangidwa mu 1522. Mwana wanu wamkulu, yemwe akuphunzira za malonda a akapolo ndi minyanga, adzaona ndi maso ake limodzi mwa madoko kumene katundu ndi anthu ochokera kumtunda kuno ankathera. Ngati kwanu mumayankhula Chilomwe, Chimakhuwa cha kumeneko mudzachitolako. Anangumi amadutsanso kumeneko nyengo yomweyo. Vuto ndi chitetezo. Kuchokera mu Okutobala 2017 m'chigawo cha Cabo Delgado muli nkhondo ya zigawenga, ndipo nthawi zina ziwawazo zafika m'maboma a kumpoto kwa chigawo cha Nampula. Ku Pemba ndi kuzilumba za Quirimbas musapiteko ndi ana. Za ku Ilha mufunse ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ndi kwa madalaivala a mathiraki oyenda ku Nacala, sabata yomwe mukunyamukayo. Kufunsa kumeneku n'kofunika pa njira iliyonse, pakuti zipolowe za pambuyo pa chisankho cha mu Okutobala 2024 zinatseka misewu yambiri m'dzikolo kwa milungu ingapo.

Za South Africa ndinene mwachidule. Kruger ndi nkhalango yaikulu kwambiri, pafupifupi masikweya kilomita 19,500, misewu yake ndi yabwino, ndipo nzika za maiko a SADC zimalipira pa geti ndalama yotsika kuposa alendo a kutali. Kugombe la KwaZulu-Natal kuli iSimangaliso, komwe mvuu zimayenda usiku m'misewu ya tauni ya St Lucia, ndipo pafupi pake pali Hluhluwe-iMfolozi, nkhalango yomwe inapulumutsa zipembere zoyera kuti zisathe. Nyama ndi nyanja zili moyandikana, n'chifukwa chake otsatsa amakonda kumeneko. Koma n'kutali, pamafunika kubwereka galimoto, ndipo zonse mumalipira m'marandi. Ngati muli ndi mchimwene ku Joni kapena ku Durban wokhala ndi galimoto ndi malo ogona, nkhani imasintha. Ngati mulibe, ikhale ya mtsogolo.

Mwezi wake ndi Ogasiti, ndipo mwayi wanu ndi wakuti ana amakhala ali pa tchuthi chachitali. Udzu ku Liwonde umakhala utauma, nyama zasonkhana kumtsinje, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Anangumi amakhala ali pachimake. Misewu ndi youma ndipo udzudzu ndi wochepa, ngakhale kuti neti ndi mankhwala odzola muyenera kutenga, chifukwa malungo ku Inhambane aliko ngati kwathu kuno. Mphepo imatha kuomba masiku angapo motsatizana boti osanyamuka, choncho ku Vilankulo mukhaleko mausiku anayi kapena asanu, ndipo ulendo wa kuzilumba muuike kumayambiriro kuti ukalephereka pakhale tsiku lina. Tchuthi cha Khirisimasi chikoka, koma ndi nthawi yoipa. Alendo a ku South Africa amadzadza gombe lonse ndipo mitengo imakwera, kunja kumatentha koopsa, komanso ndi nyengo ya anamondwe. Ife amene tinaona Idai mu Malichi 2019 ndi Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa zimene namondwe amachita ndi misewu ndi milatho.

Pa zikalata, Mmalawi safunika viza polowa ku Mozambique kukacheza kwa masiku osapitirira 30, koma aliyense, ngakhale mwana, akhale ndi pasipoti yake yomwe siili pafupi kutha. Tengani makalata obadwira a ana. Ngati mukupita pa galimoto yanu, mufunika buluu buku, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, ndi laisensi. Pa malire mudzalemba chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi ndi kugula inshuwalansi ya m'dzikolo. Mukhalenso ndi mathirayango awiri ndi jekete yonyezimira. Pasipoti muziyenda nayo paliponse, ndipo mukalipitsidwa chindapusa pemphani lisiti. Za ndalama, kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye ndalama yomwe yagona m'makwacha kudikira ulendo wakunja ikhoza kuchepa musanaigwire. Yambani msanga kufunsa ku banki kwanu za madola kapena marandi, ndipo mufunse ngati khadi lanu likagwire ntchito kunja ndi malire a ndalama yomwe lingatulutse. Osintha ndalama a pamsewu pa malire muwapewe, anthu ambiri aberedwa m'kuwerenga komweko. Zomwe zimadya ndalama kwambiri pa ulendowu ndi mafuta, malo ogona ndi boti. Chakudya chili m'manja mwanu. Tengani ufa, mpunga, mafuta ophikira ndi sefuliya, ndipo nsomba muzigula kwa asodzi ngalawa zikamakocheza. Tsiku limodzi mudzadye matapa, chigwada chotendera nsinjiro ndi mkaka wa kokonati. Ku Tete mudzayankhula Chichewa bwinobwino, koma mukadutsa Save ndi Chipwitikizi ndi Chitswa, choncho moni, manambala ndi kufunsa mtengo ana aphunziriretu. Zigoba za akamba, makorali ndi chilichonse cha mnyanga, wina akakutsatsani musagule. Ndi mlandu mbali zonse ziwiri za malire.

Za apongozi anu, ku Liwonde muwatenge, osakambirananso. Boti la pa Shire ndi lodekha, lili ndi denga, ndipo iwo mwina anakula akumva nkhani za njovu ndi mvuu kwa makolo awo osazionapo chapafupi. Mudzadabwa ndi maina a mbalame ndi mitengo amene adzauze zidzukulu. Kunyanja ya mchere kukutengera thupi lawo. Masiku awiri pa msewu wa maenje ndi olemetsa kwa munthu wodwala msana, shuga kapena BP. Muwafotokozere kutalika kwa ulendowo mosabisa, pamaso pa mwana wawo, ndipo asankhe okha. Akavomera, ulendo uthere pa Vilankulo, Tofo mumusiye, ndipo muonjezere usiku wina panjira, mwina ku Tete, kuti tsiku lililonse likhale lalifupi. Apite kaye kuchipatala akapimidwe, atenge mankhwala okwanira ulendo wonse ndi otsalirako, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Kuzilumba akwere boti la injini lokhala ndi mthunzi pa tsiku lopanda mphepo, ndipo popeza pokwera boti munthu amayamba wayenda m'madzi ofika m'mawondo, muwauziretu kuti avale zoyenera. Pasipoti yawo ndi za ana mukayambe kufunsira mwezi uno, musanalipire kalikonse ku malo ogona.